Mmene Nsomba za M'nyanja ya Malawi Zigawirana Chakudya ndi Malo

Munthu amene adziwa nsomba za m'nyanja yathu pa msika pokha, kumene ziyalidwa pa thandala zili zowamba kapena zouma, akafunsidwa maina ake atchula chambo, usipa, utaka, kampango, mcheni, mlamba, kambuzi ndi mbaba, ndipo akafika pa khumi ayamba kukanda m'mutu. Koma akatswiri amene atha moyo wawo wonse akumira m'madzi amenewa atiuza kuti mitundu ya nsomba ili m'menemo ili pakati pa 700 ndi 1,000, kuti palibe nyanja ina pa dziko lonse lapansi yokhala ndi mitundu yochuluka chotere, ndiponso kuti pafupifupi yonse ya banja limodzi lalikulu lotchedwa Cichlidae, limene chambo, utaka, mcheni ndi mbuna zichokeramo, sipezeka kwina kulikonse koma muno mokha. Chiwerengero chotere chingotidabwitsa kwa kanthawi, koma funso limene chibala ndilo loyenera kukhalira pansi. Pakuti ophunzira za zamoyo adapeza kalekale kuti mitundu iwiri yodya chakudya chimodzimodzi, pa malo amodzi ndi pa nthawi imodzi, siingathe kukhalira limodzi mpaka kalekale, popeza wina wochenjerako pang'ono kapena wobereka msanga adzapambana mnzake kufikira atamutha. Ndipo makolo athu adaona chomwecho pabwalo pomwe pamene adati atambala awiri salira m'khola limodzi. Nanga zitheka bwanji kuti mitundu mazanamazana ya pachibale ikhale m'madzi amodzi, ndi kukhalamo zaka zosawerengeka, osathana?

Tiyambe taona nyumba imene nsombazi zikhalamo. Nyanja ya Malawi italika makilomita oposa 560, ndipo pamene yazama koposa, cha kumpoto kwa Nkhata Bay, ifika mamita 700. Koma tisayese kuti madzi onsewo ali ndi moyo. Popeza madzi a pamwamba ndi ofunda ndi opepuka, ndipo a pansi ndi ozizirirapo ndi olemera, awiriwa sasakanikirana kwenikweni, kotero kuti kupitirira mamita 250 kunsi kulibe mpweya umene nsomba ingapume, ndipo zonse zakufa zimene zimira kumeneko, pamodzi ndi chonde chimene zikadabwezera ku madzi, zikhala ngati zatsekeredwa. Chimene chitsegulako pang'ono ndi mwera. Mphepo imeneyi, imene asodzi aiopa chifukwa yamiza mabwato ambiri, ikawomba kuyambira mwezi wa May kufikira August ikankha madzi ofunda kunka nawo kumpoto, ndipo kumwera madzi a pansi akwera nacho chonde chija. Pamenepo tizomera tosaoneka ndi maso timera m'madzi, tizilombo ting'onoting'ono tidya tizomerato, usipa ndi utaka zidya tizilomboto, mcheni udya usipa, nkhwazi nayo itola yake pamwamba. Ichi ndicho chifukwa chake nsomba zichuluka kumwera, ku Mangochi ndi ku Malembo, kumene nyanja ili yosazama, kusiyana ndi ku Usisya kumene phiri litsetsereka kulowa m'madzi akuya.

Koma kuti tione kugawana kwenikweni tiyenera kupita pa miyala. Amene adavalapo galasi lomirira ku Cape Maclear, ku Nkhata Bay kapena ku Likoma adziwa kuti pansi pa madzi mwala uliwonse wavala ndere yoterera, yosakwana ndi chala kukula kwake, mmene mubisala tizilombo tambirimbiri. Ndipo pozungulira mwalawo pali piringupiringu wa tinsomba ta buluu, tachikasu, tamizeremizere ndi tamawangamawanga, timene anthu a ku Nkhata Bay adatitcha mbuna, dzina limene tsopano lidziwika kwa oweta nsomba a ku Ulaya ndi ku America omwe. Mwala umenewo ndiwo munda wawo, ndipo poyamba munthu aona ngati onse alima mofanana ndi kukolola zofanana. Mngelezi wina, Geoffrey Fryer, amene adakhala ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950 napenyetsetsa tinsombati ndi kutsegula mimba zawo, ndiye adayamba kulongosola kuti aliyense ali ndi chida chakechake. Pali mbuna ina, imene akatswiri aitcha Labeotropheus, ya kamwa loyang'ana pansi ndi mphuno yonenepa yolendewera, imene ikwangula ndere yomatirira itagona chopingasa ndi mwala, kotero kuti ingathe kudya pamene mafunde amenya osakokoloka. Pali ina, Petrotilapia, ya milomo yotambalala yodzala ndi mano aatali oonda, imene ikanikiza kamwa pa mwala ndi kupesa ndere yomasuka, kusiya yomatirirayo. Ina igwira kansonga ka ndere ndi mano, nigwedeza thupi cham'mbali kuti ikadule. Ina ili ndi mano osongoka oloza kutsogolo otolera tizilombo m'ming'alu. Ndipo ina yaleka mwala ndi kukadya za m'madzi pamwamba pake. Kuwonjezera apo, wina akonda pamwamba pa mwala, wina m'mbali, wina kunsi kwake kwa mdima. Wina madzi a m'chiuno, wina akuya mamita 20. Wina miyala yaikulu, wina timiyala tosakanizika ndi mchenga.

Chinsinsi chimene chalola banja limeneli kusula zida zambiri chotere chili pa khosi. Nsomba zimenezi zili ndi nsagwada zachiwiri m'kati mwa mmero, zokhala ndi mano akeake, ndipo ndizo zitafuna ndi kupera. Chomwecho nsagwada zakunja zapumula pa ntchito ya kutafuna, ndipo zingathe kusinthika m'mibadwo kukhala chokwangulira, choyamwira kapena chogwirira, popanda nsombayo kufa ndi njala. Pa mchenga, kumene munthu angayese kuti kulibe kanthu, kugawanako kupitirira. Zilipo nsomba zimene zibwira mchenga ndi kuusefa. Ilipo ina, Aulonocara, imene iima chilili pamwamba pa mchenga osagwedezeka, ikumvetsera ndi timaenje ta kunsi kwa mutu wake kufikira kachilombo katagwedezeka pansi, ndipo pomwepo ijompha. Ilipo ina ya buluu ya chipumi chotukuka imene sikumba konse, koma itsata pambuyo pa zokumba ndi kutola zimene zavumbuluka. Ndipo ilipo ya mano a pa khosi ofanana ndi mphero, yophwanya nkhono, imene tidzaitchulanso patsogolo pano chifukwa nkhani yake ifika pa thupi la munthu.

Tisafulumire kunena kuti funso lathu latha, pakuti amene adatsata Fryer adapeza kuti chakudya chikachuluka, monga pamene tizilombo ta m'madzi tafika pa miyala mwaunyinji, mbuna zonse zisiya zida zawo ndi kudya chimodzimodzi, ndiponso kuti ilipo mitundu ina yokhala pa mwala umodzi imene ngakhale katswiri alephera kuona kusiyana kwa kadyedwe kake. Chimene ife tiona kuti chili pafupi ndi choonadi ndi ichi: chida cha mtundu uliwonse sichiyesedwa pa masiku a mwanaalirenji koma pa masiku a chilala, pamene yekhayo wodziwa kupeza chimene anzake sangachifikire ndiye apulumuka; ndipo masiku oterowo, ngakhale adze kamodzikamodzi, akwanira kusunga mitundu kuti isathane.

Nanga mitundu yonseyi idachokera kuti? Pamene akatswiri adawerenga za m'magazi a nsombazi, nafalitsa zimene adapeza m'chaka cha 2018, kudaoneka kuti pafupifupi zonse, kuyambira mcheni wa mano ngati a galu kufikira kambuna kochepetsetsa, zidatuluka mwa kholo limodzi m'nyengo yosapitirira zaka miliyoni imodzi, ndipo kusiyana kwa mtundu ndi mtundu m'kati mwa thupi n'kochepa kuposa kusiyana kwa munthu ndi nyani wamkulu wa ku Congo. (Chambo ndi makumba zili pambali pang'ono, pakuti izo zidalowa m'nyanja mwa njira yawoyawo.) Zinthu ziwiri zidafulumiza kugawikanaku. Choyamba ndi kaleredwe ka ana. Nsomba yaikazi ya banja limeneli ikaikira mazira iwatola m'kamwa, niwasunga m'menemo milungu itatu kapena kuposerapo, osadya kanthu, kufikira ana ataswa ndi kukhwima. Ndipo mwa mitundu yambiri, monga chambo, ngakhale atatuluka, akaona choopsa athamangira m'kamwa mwa mai wawo. Ana oleredwa chotere satengedwa ndi mafunde kunka kutali, koma akulira pa mwala umene mai wawo adawalavulira. Ndipo popeza mbuna iopa kudutsa pa mchenga poyera kapena pa madzi akuya, pamene zolusa zidikira, a pa chilumba ichi sakomana ndi a pa chilumba icho ngakhale zilumbazo zipenyana. Nyanja nayo yakhala ikukwera ndi kutsika: zaka zoposa 100,000 zapitazo chilala chachikulu chidaiphwetsa mamita mazana angapo, ndipo ngakhale m'masiku a agogo athu, kuyambira 1915 kufikira 1935, madzi adatsika kotero kuti Shire adaleka kutuluka m'nyanja. Kutsika kulikonse kulumikiza miyala imene idali yolekana, ndipo kukwera kulikonse kumiza ina ndi kulekanitsa ina, kotero kuti mabanja a nsomba akhala akupatukana ndi kukomananso kosaleka.

Chachiwiri ndi maso a akazi. Mbuna yaikazi isankha mwamuna poona mtundu wa chovala chake, ndipo kumene akazi a mbali ina akonda wabuluu pamene a mbali ina akonda wa zipsepse zachikasu, m'kupita kwa mibadwo patuluka mitundu iwiri yosakwatirana ngakhale idye chakudya chimodzi. Pa mchenga, amuna a mitundu ina aonetsa ulemerero wawo pomanga: anyamula mchenga ndi pakamwa, kamwa limodzi pambuyo pa linzake, kwa masiku ambiri, kufikira ataumba kachulu ka nsonga yathyathyathya kapena dzenje lozungulira bwino, mtundu uliwonse ndi kamangidwe kake, ndipo Kenneth McKaye, amene adafufuza zimenezi ku Cape Maclear, adapeza bwalo la timachulu totere lotalika makilomita 4, pamene amuna zikwizikwi adali kudikira akazi odzayendera ndi kusankha. Kachuluko sikalerapo ana, pakuti mkazi akatola mazira achoka nawo. Ntchito yake yonse ndiyo kuonetsa kuti womangayo ali ndi mphamvu.

Tsono owerenga asayese kuti m'madzimo muli mtendere wokhawokha wa ogawana mwachilungamo, pakuti pamene pali ambiri odya ndere padzakhalanso odya iwowo, ndipo uchenjezi wa odyawo uposa nthano za Kalulu. Ilipo nsomba ya mawanga oderako pa thupi loyera, imene asodzi aitcha kaligono, ndipo akatswiri adaipatsa dzina la Livingstone. Iyo igona cham'mbali pa mchenga ngati yafa ndipo yayamba kuvunda, ndipo tinsomba tikadza kudzajompha mtembowo, mtembo udzuka ndi kumeza. Ilipo mbuna yotchedwa Genyochromis imene chakudya chake ndi mamba ndi zipsepse za anzake, ndipo pa miyala pamene iyo ikhala nsomba zambiri ziyenda ndi michira yong'ambika. Zilipo zina zimene zilondola mai wonyamula ana m'kamwa, ndi kumugunda ndi mutu kufikira atalavula, ndipo zidya anawo. Zoterezi zioneka zankhanza, koma nazo zili ndi gawo lake pa funso lathu lija, pakuti wolusa adya kwambiri mtundu umene wachuluka ndi wosavuta kupeza, ndipo potero aletsa mtundu umodzi kudzaza mwala wonse.

Pa zonse zimene zapezeka m'nyanjayi, ife tiyesa kuti nkhani ya kampango ndiyo yoyenera kuikamba mwachifatse, chifukwa m'chisa chimodzi muoneka chikondi, ubwenzi, kudyerana ndi chinyengo, zonse pamodzi. Kampango, amene sali wa banja la chambo koma wa nsomba zopanda mamba, usiku ndi mlenje woopsa wa tinsomba. Koma pa kulera ana palibe nsomba ina yomuposa. Mwamuna ndi mkazi akonza chisa pansi, kawirikawiri patsinde pa mwala, ndipo ana akaswa onse awiri alonda kwa milungu yambiri. Mai aikira mazira ena osakhala ndi moyo kuti anawo adye, ndipo iwo asonkhana kunsi kwa mimba yake kudikira. Bambo achoka kukafukula mchenga, nabwera ndi tizilombo m'kamwa, ndi kutitulutsira m'mipata ya m'mbali mwa mutu kuti ana atole. Poona chitetezo chotere, nsomba zina za banja la utaka zidza kudzalavulira ana awo pakati pa ana a kampango, ndipo kampango sawadya, koma asunga ake pakati ndi kusiya alendowo m'mphepete, kotero kuti wolusa akabwera ayamba wakomana ndi mwana wa mlendo. Komabe mwana wa mlendoyo apulumuka koposa mmene akadapulumukira ali yekha, ndipo onse awiri apindula. Pali kambuna kena ka mizere yachikasu ndi yakuda kamene kachotsa nsabwe za m'madzi pa khungu la kampango, ndipo kampango akalola kuyenda pa thupi pake. Koma kambuna komweko, nyengo ya mazira ikafika, kasintha mtundu kukhala kakuda bii ndi kulowa m'chisa kukaba mazira a amene kadali kumuyeretsa. Ndipo akatswiri apezanso m'zisa zina ana a bombe akuleredwa ndi kampango ngati ake, akudya mazira a mai ndi tizilombo ta bambo, pamene ana enieni a m'chisamo atsala owerengeka kapena atha onse.

Tichoke ku gombe tipite pakati pa nyanja, kumene kuli nkhani imene ikadasintha zonse. Aliyense wa ku Nkhotakota, ku Chintheche kapena ku Karonga adaonapo chinthu chonga utsi wa moto waukulu chikukwera kuchokera m'madzi, makamaka mwezi ukangooneka kumene. Ndizo nkhungu, tintchentche tosaluma timene anthu a kunyanja atikola ndi malichero onyowa ndi kutiumba timikate, chakudya chimene David Livingstone, atafika pa nyanjayi mu 1859 ndi kuiyendera m'zaka zotsatira, adachilawa nachilemba m'mabuku ake. Mphutsi za nkhungu zikhala m'madzi, ndipo zidya tizilombo tomwe tija timene usipa udya. Mmene zipulumukira ndi modabwitsa: usana zitsikira ku madzi akuya opanda mpweya, kumene nsomba siingazitsate, ndipo usiku zikwera kudzadya. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 ena mwa alangizi a za usodzi adayang'ana mitambo ya nkhunguyo nati, taonani chakudya chonsechi chingouluka ndi kutayika, chifukwa m'nyanja ya Malawi mulibe nsomba yodziwa kuchidya. Tiyeni titenge kapenta wa ku nyanja ya Tanganyika, amene adathiridwa m'nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968 nabala usodzi waukulu, timuthire muno. Mawuwo adali okoma m'makutu, pakuti anthu adali kuchuluka ndipo ndiwo zidali kuchepa. Koma akatswiri ena adakana kolimba, nati nyanjayi sitinaidziwe. Ndipo pamene kafukufuku wamkulu wa maiko a SADC ndi Britain adachitika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, ali ndi likulu lake ku Senga Bay, kudapezeka kuti gawo lalikulu la mphutsi zija lidyedwa ndithu, ndipo odya ake ndi ndunduma, nsomba za maso aakulu zokhala m'madzi akuya pakati pa nyanja, pamodzi ndi nkholokolo ndi zina. Ndiponso kuti ndundumazo, zimene anthu adali kuzidziwa pang'ono chabe, ndizo zochuluka koposa pa nsomba zonse za pakati pa nyanja. Mpando umene udayesedwa wopanda mwini udali ndi eni ake, koma adali kukhala kumene maso a anthu sadafike.

Chimene chikadachitika tingachione kwa anansi athu a ku nyanja ya Victoria. Kumeneko nsomba yaikulu yolusa ya ku mtsinje wa Nile, imene Aswahili aitcha sangara, idathiridwa m'madzi m'zaka za m'ma 1950 ndi cholinga chomwecho cha kusandutsa tinsomba topanda malonda kukhala nyama yogulitsa. Kwa zaka zoposa 20 idakhala phee, ndipo anthu adayesa kuti palibe choopsa. Koma m'zaka za m'ma 1980 idachuluka mwadzidzidzi, ndipo mitundu pafupifupi 200 ya abale a mbuna ndi utaka idazimirira. Akuluakulu adati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo adanena zoyamikira nzeru za mlendo. Koma m'madzi kalumoko kameta eni mudzi. Ngakhale m'nyanja yathu momwe chitsanzo chaching'ono chilipo, pakuti zaka zoposa 50 zapitazo wogulitsa nsomba zamoyo kunja adataya mbuna za kumpoto pa chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear, ndipo zina mwa izo zidakhazikika, zafalikira kuzungulira chilumbacho, zilimbirana malo ndi mbuna za pomwepo, ndipo zina zayamba kukwatirana nazo.

Kuthira mlendo ndi njira imodzi yosokonezera. Kuchotsa mwini mudzi ndi inzake, ndipo iyi ndiyo taichita ndi manja athu. Kale anthu adadziwa kuti likodzo ligwira munthu m'madambo ndi m'maiwe a bango, pamene madzi aima, ndi kuti pa gombe la mchenga loyera munthu angasambe mosaopa. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980 matendawa adayamba kuchuluka pakati pa ana a sukulu a ku Chembe, ku Cape Maclear, ndi alendo osambira pa mchenga pomwepo. Jay Stauffer, katswiri wa ku America amene adawerenga nsomba za m'derali kwa zaka zambiri, pamodzi ndi anzake, adaona kuti nsomba zophwanya nkhono zija zidachepa kwambiri m'madzi osaya chifukwa cha makoka a maso aang'ono okokedwa pa gombe, kuti nkhono ina yokhala mu mchenga idachuluka pamene adani ake adachoka, ndi kuti nkhono imeneyo isunga tizilombo ta likodzo. Msodzi amene adakoka khoka lake m'mawa sadalinge choipa, ndipo nsomba imene adaigwira siidali ya mtengo wapatali pa msika. Koma ntchito imene nsombayo idali kugwira pansi pa madzi, popanda woilipira kapena woidziwa, idaoneka pamene mwana wake adayamba kukodza magazi.

Za nsomba zokwera mitsinje tingonena mwachidule, chifukwa nkhani yake ndi yodziwika. Ntchila, imene m'zaka za m'ma 1950 idali pakati pa nsomba zogwidwa koposa, lero achinyamata ambiri sanaionepo. Mpasa, imene ikwera Bua, Linthipe ndi Rukuru kukaikira mazira pa timiyala toyera ta m'mitsinje, yachepa chifukwa cha kutchinga mitsinje pa nyengo ya kuswana, ndiponso chifukwa nkhalango zikadulidwa kumtunda dothi likokoloka ndi kukwirira timiyalato. Kuti mpasa ikadapezekabe mu Bua, chifukwa china n'chakuti mtsinjewo udutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Dothi lomwelo likafika m'nyanja likwirira ndere ya pa miyala ndi kudetsa madzi, ndipo ku Victoria kudaoneka kuti m'madzi akuda akazi alephera kusiyanitsa mitundu ya amuna, kotero kuti mitundu imene idapatukana iyamba kusakanikirana; nkhwangwa ya ku Dedza kapena ku Mzimba ifika pa mwala wa mbuna ngakhale mwini wake sanaonepo nyanja.

Chambo nacho, chimene tinyadira pamaso pa alendo, chili m'mavuto omwewo, ndipo kaleredwe kake kabwino kaja ndiko kachiika pa ngozi, pakuti khoka logwira mai mmodzi pa nyengo ya kuswana ligwira ndi ana mazana ali m'kamwa mwake, ndipo kasawala amene wapulumuka akakulira m'madzi osaya, momwe makoka a kambuzi ndi maukonde a udzudzu apita. Ku nyanja ya Malombe, kumene kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kudali kugwidwa matani zikwi zingapo a chambo pa chaka, pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 kudatsala mazana owerengeka, ndipo malo ake adatengedwa ndi tinsomba tating'ono tokhwima msanga. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaika mitundu itatu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha, ndipo umodzi mwa iyo, umene asodzi a kumwera adautcha lidole, sunaonekenso kwa zaka zambiri.

Pali malo awiri amene asonyeza kuti nyanja ibwerera ikapatsidwa mpata. Boma lidakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, makamaka chifukwa cha mbuna, ndipo bungwe la UNESCO lidaiwerengera pa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Koma chitetezo chake m'madzi chifika mamita 100 okha kuchokera pa gombe, chimene chikwanira nsomba ya pa mwala koma sichikwanira chambo kapena mpasa. Malo achiwiri ndi chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, chimene kuyambira m'zaka za m'ma 1950 chisungidwa ndi malamulo a Gogo Chalo Makanjira: chaka chilichonse, kuyambira December kufikira April, chilumba chitsekedwa ndipo asodzi onse achokako, ndipo chikatsegulidwa ndi mwambo wake saloledwako mowa, juga kapena zida zoononga. Ofufuza amene adayerekeza nsomba za ku Mbenji ndi za madera oyandikana nawo adapeza kuti za ku Mbenji ndi zazikulupo, ndipo asodzi a kutali adziwa chomwecho popanda kuwerenga lipoti, pakuti tsiku lotsegulira mabwato adza kuchokera m'maboma ambiri.

Koma nyanja ili ndi magombe a maiko atatu, ndipo lamulo la mfumu imodzi kapena la boma limodzi silifika tsidya lina. Lamulo la Malawi la za usodzi la 1997 lidaletsa kuthira nsomba zachilendo m'madzi popanda chilolezo. Komabe mu 2013 akatswiri adalengeza kuti nsomba ya ku Nile yofanana ndi chambo, imene alimi a nsomba aikonda chifukwa ikula msanga, yapezeka kale m'maiwe ndi m'kanyanja kena ka ku Tanzania, m'dera limene mitsinje yake itsikira m'nyanja yathu. Kumene nsomba imeneyi idalowa, monga ku Victoria ndi ku Kariba, idalanda malo a abale ake a kumeneko kapena kusakaniza nawo magazi, ndipo chakudya chake ndi malo ake oswanirana ndi omwewo a chambo ndi makumba. Pakati pa maiwe amenewo ndi nyanja pali mtunda umene madzi osefukira a dzinja limodzi angathe kuudutsa.